Okumba Matope a Tumbine

M'dzinja la 1998 mvula inagumula phiri la Tumbine. Matope ndi miyala zinakwirira nyumba kuno ku Milange. Oyamba kukumba anali anthu wamba, ndi makasu ndi manja.

Amalume anga anakumba nawo. Mpaka lero msana umawapweteka. Mvula ikamagwa usiku sagona, amakhala pakhonde kumvetsera phiri. Anthu amati nkukalamba. Ine ndimakana: ndi matenda a nchito ija.

Namondwe Freddy atafika mu 2023, acinyamata athu ananyamulanso ovulala. Ena tili nawo m'kalasi muno. Amayi ndi abambo, tiwafunse m'mene akugonera. Wotsokomola kapena wolota maliro timperekeze ku cipatala. Munda wa wodwala msana tikalime pamodzi Loweruka.