Ku England njira ili ndi mivi, ku Mulanje ili ndi munthu

Mmalawi akangofika ku England amaseka akamva kuti anthu amalipira sitima kuti akayende pansi tsiku lonse, n'kubwerako opanda ndi mtolo wa nkhuni womwe. Kwathu woyenda chonchi ndiye kuti akupita kumaliro, kuchigayo, kapena yamuperewera ya minibasi. Koma chaka chikatha, wosekayo umamupeza Loweruka m'mawa pa siteshoni ya London Victoria, kachikwama kali kumsana, akulowera ku Seaford.

Kuchoka ku Seaford kukafika ku Eastbourne, kudzera pamwamba pa matherezi oyera a Seven Sisters, ndi makilomita oposa pang'ono 20. Ulendowu amaukonzekera usiku wathunthu ali pampando. Amaona nyengo pafoni, amatsegula mapu a Ordnance Survey, n'kuwerengera dzuwa, chifukwa mu Disembala limalowa 4 koloko isanakwane pomwe mu Juni 9 koloko usiku kumakhala kukadawala. Amadziwiratu kuti mtsinje wa Cuckmere ulibe mlatho kumathiriro, ndiye ayenera kukazungulira ku Exceat, ndipo miyendo ikakana pomwepo basi nambala 12 imadutsa. M'chikwama mumalowa madzi, buledi ndi jekete la mvula, ngakhale kumwamba kuli mbee.

Chomwe chimamudabwitsa kwambiri ndi mivi. Wachikasu ukutanthauza njira ya oyenda pansi okha, wabuluu umalolanso akavalo ndi njinga, ndipo kachithunzi ka njere ya mtengo wa oak kakusonyeza njira yaikulu ya dziko, monga South Downs Way ya makilomita 160 yochokera ku Winchester. Njirazi zimadula pakati pa mafamu a eni, nkhosa zikudya pambali, mwini famu alibe mphamvu yotseka. Ufulu woyenda m'mapiri sunabwere ndi chifundo ayi: mu 1932 anthu adalowa mwadala malo oletsedwa ku Kinder Scout, ena adamangidwa, ndipo lamulo lotsegula mapiri ambiri lidadzabwera mu 2000. Mlendo amangofunika kusiya geti momwe walipezera, kupatukira ng'ombe zokhala ndi ana, ndi kutalikira m'mphepete mwa therezi, poti choko chimagumuka osachenjeza.

Ku Mulanje zimayamba mwina. Pa Likhubula sufunsa muvi, umafunsa munthu. Wotsogolera alendo ndiye mapu, ndiye wanyengo, ndiye amadziwa mwala woterera panjira ya ku Dziwe la Nkhalamba, ndipo akayang'ana kumwamba n'kunena kuti chiperoni chikubwera, wanzeru satsutsa. Sapitwa, ya mamita 3,002, yamezapo alendo amene adakwera okha. Ndalama ya wotsogolerayo ndi ya onyamula katundu imakagula ufa m'midzi ya m'munsi mwa phiri, chinthu chimene chikwangwani sichingachite. Vuto lathu ndi muyeso: "ndi pompa apa" wa mayi wosenza nkhuni amatha kukhala maola awiri okwera.

Komabe njira zazifupi monga Potato Path ya ku Zomba zikadakhala ndi zikwangwani zonena makilomita, mabanja ambiri a m'tauni bwenzi akuziyenda Lamlungu masana, osadikira kuti kubwere mzungu.

Pa Beachy Head, panjira ya ku Eastbourne ija, mamita 162 pamwamba pa nyanja, Mmalawi uja amadutsana ndi anthu mazana. Ena amagwedeza mutu, ena amangoti "hiya". Palibe womufunsa kumene akuchokera, kapena ngati kunyumba adzuka bwino.