Cheni cinalibe mlandu

Ine ndine mphunzitsi wa kalasi yacitatu pa sukulu ina ya kumudzi, m'boma la Angónia. Kucokera kumene ndimagona kukafika kusukulu pali makilomita 11, ndipo njira yake ndi ya zitunda. Caka coyamba ndinkapalasa, n'kumalowa m'kalasi malaya ali conyowa ndi thukuta. Caka caciwiri ndinasunga ndalama miyezi inayi, n'kugula kainjini komangirira pa njinga.

Njinga yotere imakhala ndi macheni awiri. Ca kumanja ndi copalasira, cija timacidziwa tonse. Ca kumanzere ndi ca injini. Cimayenda pa magudumu awiri a mano, amene amisili amawachula kuti masipuloketi. Yaing'ono ili pa injini, ndipo ili ndi mano 10. Yaikulu ili pa tayala la kumbuyo, ili ndi mano 44. Yaikuluyo imapanidwa ku masipoko ndi mphira ziwiri, zitsulo ndi mabauti 9. Zonsezi ndinamanga ndekha madzulo amodzi, mofulumira. Ndinkati munthu wocokera ku sukulu ya aphunzitsi sangalephere mabauti.

Sabata yoyamba cheni cinagwa katatu. Ndinati ndi coipa, ndipo ndinakagula cina ku Ulónguè. Naco cinagwa. Pamenepo ndinacikunga kwambiri ndi kagudumu kokungira kaja, mpaka cinalimba ngati nsinga ya uta.

Lolemba lina, ndikutsika citunda ca kumtsinje, kagudumuko kanapotoka n'kulowa m'masipoko. Tayala linaima pomwepo, ine n'kugwa. Masipoko asanu anathyoka, cheni cinapindika, bondo langa linasupuka, ndipo makope a ana anamwazika m'matope. Ndinafika kusukulu dzuwa lili paliwombo. Ana anali atadikira mpaka kubalalika. Ena mwa iwo amayenda ola lathunthu, ndipo makolo akamva kuti aphunzitsi sanabwere, m'mawa mwake amatenga mwana kupita naye kumunda wa mbatata. Ana awiri sanaoneke sabata yonseyo. Izi zinandiwawa kuposa bondo.

Pamsika wathu pali mkulu wina wokonza njinga. Nchitoyi anaiphunzira ku Dedza pamene anathawirako nkhondo, ndipo anabwerera kwathu mtendere wa 1992 utabwera. Ndinakankha njinga mpaka kwa iwo.

"Agogo, macheni a masiku ano ndi acabecabe," ndinatero.

Iwo anaseka. "Aphunzitsi, muli ndi coko m'thumbamo?"

Atasintha masipoko othyoka, anapacika njinga pa nthambi ya mtengo n'kucotsa cheni. Anagwirizitsa coko pa citsulo ca njinga, nsonga yake ili pafupi kwambiri ndi mbali ya sipuloketi yaikulu, n'kuzunguza tayala. Coko cinalemba mbali imodzi yokha. Sipuloketiyo inkayenda mopendamapendama, cifukwa mabauti ena ndinawalimbitsa kwambiri, ena pang'ono. Kenaka anaika coko pa nsonga za mano. Cinakhudza mano owerengeka, ena onse n'kuwaphonya.

"Mwaona? Siili pakati. Tayala likazungulira kamodzi, cheni cimalimba kenaka cimakhwefuka. Inu munacikunga pamalo pokhwefuka. Pofika polimba, cikanathawira kuti?"

Sanathere pomwepo. Anatenga ulusi, n'kuutambasula mogundana ndi mbali ya sipuloketi yaikulu kukafika ku yaing'ono ya pa injini. Masipuloketi awiriwa ayenera kuyang'anizana pa mzere umodzi. Anga anali otaya mzere ndi mpata wolowa pensulo. Cifukwa cake cinandicititsa manyazi. Sipuloketi yaikulu ndi yofukuka ngati mbale, ndipo ine ndinaiika cagada pamene pa njinga yangayi inayenera kukhala covundikira.

Anamasula mabauti onse 9 n'kuitembenuza. Anaikhazika kuti mpata wozungulira habu ukhale wofanana ponseponse. Pomanga sanatsate mzere ayi. Ankamanga bauti limodzi pang'ono, kenaka la kutsidya kwake, n'kuzunguza tayala, n'kuyesa ndi coko, n'kumanganso. Ine ndinatopa ndi kuyang'ana. Nchito imene ndinaicita mphindi khumi inawatengera ola lathunthu. Pomaliza coko cinalemba mzere wozungulira wosaduka, ndipo ulusi unagona bwino pa masipuloketi onse awiri.

Kagudumu kokungira anakawongola kuti cheni cidutse pakati pake, n'kukamanga zolimba kuti kasatembenukirenso ku masipoko. Anandiuza kuti cheni ca injini cisamakhale gwa. Pamalo pamene calimba kwambiri, ukacikankha ndi cala, cizisuntha ngati sentimita imodzi kapena kupitirirako pang'ono.

"Cheni cina muli naco?" anafunsa.

Coyamba cija ndinali nditamangira citseko ca khola la mbuzi. Ndinatuma mphwanga kukacimasula. Anacitsuka ndi palafini, n'kucithira mafuta, n'kuciika.

Tsopano Loweruka lililonse ndimapacika njinga pa mtengo wa pakhomo, ndi kacidutswa ka coko kotsala m'kalasi. Mphira zija zimaphwa pang'onopang'ono, conco mabauti amafuna kuwayendera. Cheni ca ku khola la mbuzi catha miyezi isanu ndi umodzi cisanagwe, ndipo khola ndinamangira luzi.