Mlandu Suola, Koma Masiku Amatha

Makolo athu adatisiyira mwambi wakuti mlandu suola. Pa bwalo la mfumu mawu awa ngoona ndithu, pakuti munthu akhoza kudzutsa mlandu wa agogo ake, akuluakulu nakhala pansi pa mtengo, naumva. Ine ndidakula nawo mwambi umenewu, koma udandinyenga pa tsiku limene mbumba yanga idandidalira. Ndifuna kukusimbirani kulakwa kwanga, kuti wina asagwe m'mbuna imene ndidagwamo ine.

Mwana wa mlongo wanga adagula mbuzi pa msika kwa munthu wachilendo, wosadziwa kuti njakuba. Mwini mbuzi ataipeza m'khola la mnyamatayo, iye adagwidwa, natengedwa ku bwalo la majisitireti. Adaukana mlandu, koma anthu awiri amene adamuona akupereka ndalama sadamve za tsiku la mlandu, ndipo sadafike. Bwalo lidampeza wolakwa, nilimtumiza kundende.

Madzulo ake mlongo wanga adadza kwathu ali kulira, nati: "Alongo, inu ndinu mwini mbumba, mudaphunziranso ku seminale, tichitenji?" Ndidamyankha wosakayika konse: "Khazikani mtima pansi, alongo. Tiyambe tachita novena, pambuyo pake tigulitse chimanga, tipeze ndalama za loya. Mlandu suola." Tidapemphera masiku 9, tidagulitsa chimanga, ndipo pamene ndidafika kwa kalaliki wa bwalo adali atapita masiku 24. Kalalikiyo adandiyang'ana mwachisoni, nati: "Bambo, mudali kuti masiku onsewa? Nthawi ya apilo idatha kale." Pamenepo miyendo yanga idazizira, ndipo ndidasowa mawu okanena kwa mayi wa mwana.

Tsono mverani zimene ndidaphunzira mochedwa. Malamulo aakulu a dziko la Malawi a chaka cha 1994, m'gawo 42, apatsa munthu wozengedwa mlandu ufulu wakupita ndi dandaulo lake ku bwalo loposa limene lidamuweruza. Koma ufulu umenewu uli ndi malire a masiku. Lamulo loyendetsera milandu ya upandu, lotchedwa Criminal Procedure and Evidence Code, m'gawo 349, linena kuti wofuna kuchita apilo ku Bwalo Lalikulu adziwitse kalaliki wa bwalo limene lidamuweruza, pomlembera kalata, asadapite masiku 10 chiperekere chiweruzo. Pambuyo pake padza chikalata china chofotokoza mmene bwalo lidalakwira, ndipo icho chili ndi masiku 30. Kalata yoyambayo njaifupi, siilira loya. Mphwangayo akadatha kuilemba ali kundende konko, ine ndikadangomuuza. Dziwaninso kuti munthu amene adavomera yekha mlandu sangadandaule kuti adampeza wolakwa, koma pa za chilango chokha. Milandu ya ngongole ndi ya chipukuta misozi ili ndi masiku akeake. Chifukwa chake funsani kalaliki tsiku lomwelo la chiweruzo, pakuti safunsa adadya phula.

Mulungu adatichitira chifundo, pakuti lamulo lomwelo lilola Bwalo Lalikulu kulandira apilo yochedwa ngati pali chifukwa chomveka. Kalaliki adandilozera ku Legal Aid Bureau, kumene Boma lithandiza amphawi pa milandu. Loya wa kumeneko adatilembera pempho, ndipo ine ndidaulula poyera kuti mnyamatayo sadachedwe mwa ulesi wake iai, koma mwa uphungu woipa wa malume ake. Woweruza adavomera pempho lathu, naona bwino zolembedwa za mlandu, napeza kuti umboni wa kuba udali wosakwanira, nammasula. Koma taonani, miyezi iwiri yathunthu idapita pa kupempha chilolezo chokhacho. Mvula yoyamba idagwa iye akali m'ndende. Mkazi wake adabzala yekha ndi khanda kumsana, natha theka la munda lokha, ndipo chaka chimenecho nkhokwe yao idali ya gwa pofika mwezi wa Disembala. Njala ya ana awo idachokera pakamwa panga.

Wina asaganize kuti ndili kunyoza novena. Kupemphera sikudalakwe, ndidalakwa ndine, amene ndidayesa kuti pogwada ndatsiriza ntchito yonse. M'buku la Ntchito za Atumwi, mutu 25, tiwerenga za Paulo Woyera ali m'ndende ku Kaesareya. Bwanamkubwa Festo atamfunsa ngati afuna kukaweruzidwa ku Yerusalemu, kumene adani ake adali kumdikira, iye sadazengereze: pomwepo adapempha kuti mlandu wake ukamvedwe ndi Kaesara. Mtumwi amene adali kupemphera usana ndi usiku adadziwanso lamulo la Aroma, naligwiritsa ntchito pa nthawi yake. Ine nkhani imeneyi ndidaiphunzitsa akatekumeni zaka zambiri, koma sindidaimve.

Tsono inu amalume, ankhoswe ndi akulu a mpingo, amene anthu athamangira kwa inu pa tsiku la tsoka: mbale wanu akaweruzidwa, lembani tsikulo pa pepala, nimuwerenge masiku monga tiwerengera masiku a Lenti. M'mawa mwake mumve Misa, ndipo potuluka m'tchalitchi mulunjike ku bwalo, korona m'thumba, kalata m'manja. Ndalama za loya zidzapezeka pambuyo, koma tsiku lakhumi silidikira chimanga.

Mlongo wanga adandikhululukira kale, ngakhale ine pomuona mphwangayo ndikumbukirabe. Mundipempherere.

Atamandike Yezu Kristu.