Ufa wa masiku asanu

Kuno ku Leeds mwezi wa Julayi dzuwa limachita ngati laiwala kolowera. Pofika 9 koloko usiku kunja kumakhala kukadayera, ana akusewerabe pamsewu. Thupi langa lakana kuzolowera. Kwathu ku Dedza, Julayi ndi mwezi wa chisanu cholowa m'mafupa, wootha moto wa zitsononkho mbatata ili paphulusa. Anzanga a kuntchito akamakondwa kuti kwafunda, ine mtima umakhala uli m'khitchini mwa amayi, utsi ukundiliza misozi.

Kusowa tulo kumeneku n'kumene kunandimalizitsa buku la Legson Kayira lotchedwa I Will Try, lomwe linatuluka mu 1965. Ndinalimva kutchulidwa ndili kusekondale, koma kuligwira m'manja ndaligwirira kuno. Kayira anali mnyamata wa kumudzi cha ku Chitipa, wophunzira ku Livingstonia. Mu 1958 ananyamuka wapansi kuti akaphunzire ku America, atanyamula Baibulo, buku la Pilgrim's Progress, bulangete ndi kankhwangwa. Anadutsa Tanganyika, n'kufika ku Kampala kumene anapeza dzina la Skagit Valley College m'laibulale n'kulembera kalata. Kenako Khartoum, ndipo kumapeto kwa 1960 anaponda nthaka ya America.

Anthu amaliyamikira bukuli chifukwa cha khama la mnyamatayo, ndipo n'zoona, khama analinalo. Ineyo pondigwira mtima panali pena. Mayi ake, osadziwa kuti America ili kutali bwanji, anamukonzera ufa wa masiku asanu. Ndinatseka buku pamenepo, n'kukhala duu pampando. Mayi ameneyo sanali wopusa. Anayeza ulendo ndi muyezo umene ankaudziwa, wopita kukaona abale n'kubwerako chimanga chisanathe m'nkhokwe. Mwanayo anadzakhala zaka zambiri kuno ku England, ndipo anamwalirira ku London mu 2012. Chimene ndikulidandaula bukuli n'chakuti likuthamanga ndi woyendayo, wotsala pakhomo uja n'kumusiya akuchepa m'mbuyo. Ndikanakonda masamba ena makumi awiri a mayiyo, momwe ankamvera akamva agalu akuuwa usiku.

Sabata yomweyo mnzanga wina anandikokera ku kanema wa Oppenheimer, amene aliyense ankamukamba mu 2023. Ndi maola atatu athunthu, a Christopher Nolan akufotokoza za wasayansi amene anatsogolera ntchito yopanga bomba la atomiki ku Los Alamos. Cillian Murphy wasewera bwino, makamaka ndi maso akewo. Pamene akuyesa bomba m'chipululu cha New Mexico, pa 16 Julayi 1945, phokoso lonse limazima, kumangotsala kuwala ndi kupuma kwa anthu, ndipo muholo monse munali zii. Koma gawo lomaliza, la azibambo a masuti akufunsana mafunso m'kachipinda, linanditalikira.

Kapena vuto linali langa, poti maganizo anali atachoka kale. Fumbi lofiirira lija ndi mapiri ouma zinandibwezera ku Okutobala wa kwathu, minda itatenthedwa, mvula ikudikiridwa. Komanso ndinkayembekezera kuona manja amene anakumba miyala ya bombalo. Yureniyamu wambiri anachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo, kufupi ndi malire a Zambia. Okumbawo sindinawaone ngakhale kamphindi. Nawonso anali ndi amayi awo owapatsa kamba. Ndipo mwala womwewo ulipo ku Kayelekera, pamsewu wochoka ku Karonga kupita ku Chitipa, dera lomwelo lakwawo kwa Kayira. Buku ndi kanema zinakumana pamenepo m'mutu mwanga, ndili pabasi yobwerera kunyumba.

Tsiku limene ndinkanyamuka kwathu kubwera kuno, amayi anandiikira mujumbo ufa woyera wosinja okha, usipa pang'ono ndi nsinjiro m'botolo. Ndinakana kuti chikwama chalemera. Iwo anangoti, "Tenga mwanawe, uyambirepo usanadziwe kogula." Ufawo ndinausunga mpaka unayamba kununkha chinyezi, chifukwa ndinkaopa tsiku loti ndidzaone jumbo ili pululu.

Nditafika m'nyumba kuchokera ku kanema kuja ndinawaimbira amayi pa WhatsApp ya mchemwali wanga. Kwawo kunali kutada kale, kwanga kukadali mbee.

"Amayi, kwazizira bwanji kumeneko?"

"Kwazizira zedi. Tavala majuzi awiriawiri. Nanga iwe wadya?"

Ndinati ndadya. Anafunsa ngati ndi nsima, ndinati ayi, mpunga. Anakhala chete pang'ono, kenako anati chaka chino nkhokwe yadzaza, ndipo wina akamabwera kuno ndiwauze msanga kuti akonole.