MWINI FONI AIGWIRE YEKHA

Alimi anzanga, lero sindinena za manyowa kapena za mizere ai. Ndifuna kuulula colakwa cimene ndinacita ine mwini, pakuti ndaona kuti comweci cikucitika m'makomo ambiri mmene mwalowa foni zamakono.

M'dera limene ndimayendera muli mkulu wina, mlimi wakhama ndithu, amene nkhokwe yace siigona yopanda kanthu. M'caka ca 2023 mwana wace wa ku Johannesburg anamtumizira foni ija yopanda mabatani, yongokhudza ndi cala pagalasi. Mkuluyo anazolowera kafoni ka mabatani, ndipo yatsopanoyi anaiopa. Anaikulunga m'kansalu naiika m'sutikesi, namaiturutsa Lamulungu lokha, tsiku limene mwana wace amaimba.

Katatu konse anandiimitsa panjira nati, "Alangizi, foni ija yafa." Ulendo woyamba batire linatheratu, ndipo ataichaja pa sola anayembekeza kuti iyaka yokha, osadziwa kuti ayenera kukanikiza kabatani ka m'mbali kufikira galasi litawala. Ulendo waciwiri mdzukulu anakhudza kacizindikiro ka ndege, kamene kamatseka netiweki yonse, ndipo foni inaleka kuimba ndi kulandira komwe. Ulendo wacitatu mayunitsi amene anagula m'mawa anatha dzuwa lisanalowe, iye osaimbira munthu ali yense, cifukwa intaneti inali yotsegula ndipo bandulo analibe.

Maulendo onse atatu ndinalandira foniyo ndiri panjinga, ndinaikonza msanga msanga ndi kumbwezera. Iye anaomba m'manja nati, "Inu a sukulu muli ndi mankhwala m'zala." Ndinapalasa njinga ndiri wokondwa, osazindikira kuti munthuyo ndamsiya monga ndinampeza.

Tsono mu January 2024 mvula inadula, ndipo m'munda mwace munalowa nchemberezandonda zacilendo zija. Mbozi zimenezi kwao ndi ku America. Zinaoneka m'Malawi muno m'dzinja la 2016 ndi 2017, ndipo mu December 2017 Boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi cifukwa ca izo. Zikali zazing'ono zimakanda tsamba pamwamba, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yozigonjetsa. Zikakula zimabisala m'kati mwa nsonga, mocokera masamba atsopano, ndipo mankhwala amabvutika kuzipeza.

Masiku amenewo ndinali ku midzi ya kutsidya, pakuti mlangizi mmodzi ali ndi midzi yambiri. Mkuluyo anadziwa kuti anzace amanditumizira zithunzi za mbeu zodwala pa WhatsApp ndipo ndimayankha tsiku lomwelo. Anaturutsa foni yace, anaiyang'ana, anaopa kuti akakhudza polakwika aononga katundu wa mwana wace, naibwezera m'sutikesi. Anandidikira masabata awiri. Pamene ndinafika mbozi zinali zitakula, nsonga za cimanga zitadzaza ndowe zonga utuci. Iye sanakalipe ai. Anangoti, "Ndinafuna kukuonetsani, Alangizi, koma inu simunandionetse pogwira."

Mau amenewa anandilasa mumtima. Ndikamaphunzitsa kubzala mbeu imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25 pa mizere yotalikirana masentimita 75, sindibzala munda wa munthu ine. Ndimampatsa cingwe ndi kamtengo, iye nayesa yekha, nalakwa, nakonza. Nanga pa foni ndinaiwaliranji zimenezi? Tsiku lomwelo tinakhala pansi pa mtengo wa mango, foni iri m'manja mwace, ine manja anga kumbuyo. Cithunzi coyamba anajambula cala cace, caciwiri anajambula dothi. Cacisanu cinaturuka bwino, mbozi ikuoneka ndi cizindikiro cace conga phanda pamutu ndi timadontho tinai kumcira. Anatumiza yekha, ndipo foni yanga inalira m'thumba. Anaseka mpaka kutsokomola.

Zimene ndinamphunzitsa masiku otsatira ndizo ndikupatsani inu. Foni ikauma, osamva cala, musathamangire kwa okonza. Kanikizani kabatani ka m'mbali, muizimitse, ndi kuiyatsanso. Mabvuto ambiri amathera pomwepo. Ikakana kuimba, yang'anani pamwamba pa galasi. Pali timizere tosonyeza netiweki, pali cithunzi ca batire, ndipo mukaona kandege, kokani cala kucokera pamwamba kutsika pansi ndi kukhudza kandegeko kuti kacoke. Pomwepo palinso potsegulira ndi potsekera intaneti. Yambani mwagula bandulo musanatsegule, ndipo mukatha nchito tsekani, monga mumatseka khola mbuzi zikalowa. Foni yamakono imadya intaneti ngakhale iri m'thumba, ndipo makanema ndiwo amadya koposa.

Inu amene maso atopa kapena kulemba kumabvuta, musadandaule. Pa WhatsApp pali kacizindikiro kolankhulirapo. Gwirani ndi cala osacotsa, nenani mau anu m'Cicewa, ndipo mukacotsa cala mau apita. Foni ikanena kuti yadzaza, kawiri kawiri ndi makanema a m'magulu amene aunjikana, ndipo kufufuta amenewo sikuononga kanthu. Ikagwa m'madzi izimitseni pomwepo, muipukute, muiike pouma pa mthunzi masiku angapo. Musaiyanike pamoto ndipo musaichaje ikali yonyowa.

Koma cacikulu ndi ici. Ambiri tsopano mumasunga ndalama za fodya, za soya ndi za mtedza pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Nambala ya cinsinsi ija ndiyo loko wa nkhokwe yanu. Munthu amene sadziwa kugwira foni yace amapereka foni pamodzi ndi nambalayo kwa mnyamata wa pa sitolo kuti amthandize, ndipo mawa sadziwa amene watapa. Alipo akuba amene amaimba nati ndi a ku kampani ya mafoni, kapena ati mwapata mphoto, kapena ati atumiza ndalama kwa inu molakwitsa ndipo muwabwezere. Wa nchito weni weni safunsa nambala ya cinsinsi. Dulani foni, yang'anani nokha ndalama zimene ziri m'menemo, ndipo ngati mukayika pitani ku ofesi yao. Kumbukaninso kuti kuyambira 2018 simukhadi iri yonse imalembetsedwa ndi citupa ca unzika. Musalembetsere munthu wina pa citupa canu, pakuti akalakwa ndi nambalayo dzina lopezeka ndi lanu.

Inu anyamata ndi asungwana a pasukulu, mai anu akati "Tandikonzere," musalande foni. Khalani pambali pao, lozani ndi kaudzu, iwo akhudze okha. Akalakwa kasanu, bwerezani kasanu ndi kamodzi, osaseka. Amene anakuphunzitsani kugwira khasu sanatope nanu. Ndipo inu akulu akulu, foni siifa cifukwa coikhudza. Imani ndi kufunsa pa zinthu ziwiri: ikafuna nambala ya cinsinsi inu musanayambe nokha za ndalama, ndi ikafunsa ngati ifufute zinthu. Pa zina zonse yesani. Safunsa anadya phula, koma wofunsa ayenera kuuzidwa njira, osati kunyamulidwa pamsana masiku onse.

Caka cimene cija mkuluyo anakolola zocepa, cifukwa ca ng'amba ndi cifukwa ca mbozi, ndipo gawo lina la mlanduwo ndi langa. Koma mu December 2024, m'mamawa ndisanasambe, foni yanga inalira. Cinali cithunzi ca tsamba la cimanga, pansi pace pali kamulu ka mazira okutidwa ndi tiubweya. Pambuyo pace panabwera mau ace akuti, "Mwadzuka bwanji, Alangizi? Alendo aja afika. Ndiyambe?" Ndinamuuza kuti aphwanye mazirawo ndi zala, ayendere munda kawiri pa sabata, ndipo auze oyandikana nao minda. Pofika madzulo anali atatumiza cithunzico kwa anzace anai, wopanda womgwirira.

Ndikadzafika m'mudzi mwanu, bwerani nazo foni zanu kumsonkhano. Koma dziwiranitu kuti ine sindidzazigwira.

Ndine wanu,
Mlangizi wa za Ulimi.