Usanagule mfuti yako yoyamba

Mwana wanga,

Mayi ako anena kale zonse zokhudza chakudya, mapemphero ndi anzako oyenda nawo. Bambo ako atsala ndi funso lija unawaponyera: ukakhazikika ku Sheffield n'kuyamba kulandira malipiro, ugule mfuti yanji yowombera chandamale? Yankho lawo ndi mfuti ya .22 Long Rifle, yokoka bolt ndi dzanja. Koma usathamangire kusitolo ndi malipiro oyamba.

Chipolopolo cha .22 LR chinatuluka ku America mu 1887, kudzera m'kampani ya J. Stevens Arms & Tool, ndipo mpaka lero palibe chimene chachilanda malo. Kamtovu kake kamalemera magalamu 2.6 okha. Mankhwala oyatsa onga amakhala m'mphepete mwa kakhoko kamkuwa, ndipo pini ikamenya m'mphepetemo chipolopolo chimanyamuka; mtundu umenewu ndi umene amautcha rimfire. Kapangidwe kosavutaka n'kamene kamatsitsa mtengo, moti munthu wa malipiro ochepa amatha kuwombera sabata iliyonse osadandaula. Sichikankha phewa, choncho wophunzira satsinzina pokhethemula. Ndiponso si choseweretsa. Ku Olympics, pa mpikisano wa mamita 50, akatswiri amawombera chomwechi, kulunjika pakabwalo ka mamilimita 10.4, kochepa ngati chikhadabo cha kachala kakang'ono.

Anzako adzakutamandira .17 HMR, imene Hornady anatulutsa mu 2002. Liwiro lake limafika pafupifupi mamita 775 pa sekondi, pamene .22 LR wamba amayenda cha m'ma 330. Imeneyo ndi ya alimi othana ndi akalulu m'minda. Ndi yodula, ndi yaphokoso, ndipo makalabu ambiri owombera m'nyumba, pa mayadi 25, saivomereza. Ilekere eni ake.

Kumene mitima imagawanika kwenikweni ndi pakati pa Ruger 10/22 ndi mfuti ya bolt. Ruger yakhalapo kuyambira 1964, magazini yake yozungulira imatenga zipolopolo 10, ndipo imadzilowetsera chipolopolo china ukangowombera. Kuno ku Britain ndi yololedwa. Lamulo la 1988, limene linabwera pambuyo poti munthu wina anapha anthu ambiri ndi mfuti ku Hungerford mu 1987, linaletsa mfuti zazitali zodzilowetsera zokha, koma linasiya za .22 rimfire. Ndi mfuti yokoma, ndipo pa mipikisano yaliwiro imagwira ntchito yotamandika. Vuto lake kwa woyamba kumene n'lakuti imaphunzitsa phuma. Bambo ako aona anyamata ambiri akukhuthula magazini yonse m'kanthawi kochepa, kenaka n'kumayang'ana pepala lobooka ponseponse osadziwa kuti chipolopolo chiti chinalakwika pati. Ya bolt imakuumiriza kudikira. Ukawombera umakweza chogwirira, kukokera kumbuyo, kakhoko kotentha n'kugwera pamphasa, kenaka umabwezera kutsogolo, kupuma, n'kuyambanso kulunjika. M'kamphindi kameneko ndi mmene maso ndi chala zimaphunzirira.

N'chifukwa chake bambo ako amakonda CZ 457, yopangidwa ku Uherský Brod m'dziko la Czech, imene inalowa pamsika mu 2019. Chokhethemulira chake chimasinthika kulimba, mpope wake ndi wokhulupirika, ndipo mtengo wake sufuna ngongole. Mkulu wake, CZ 452, amapezeka wogwiritsidwapo kale ntchito m'masitolo ambiri a mfuti, ndipo wosamalidwa bwino sachepa mphamvu ndi zaka.

Komabe CZ si yankho la aliyense. Mtima wako ukakakopeka ndi kuwombera chogona, utavala jekete yolimba ndi lamba womangirira mkono, udzafuna mfuti yolemera ngati Anschütz ya ku Ulm, ku Germany. Yatsopano ndi ndalama zambiri, koma zakale zimasinthana manja m'makalabu. Mwina m'kabati ya kalabu udzapezanso BSA Martini International ya ku Birmingham, yolowa chipolopolo chimodzichimodzi, mtengo wake utachita kuda ndi thukuta la manja a anthu. Usaiderere. Ikhoza kukuposa luso kwa zaka zingapo.

Apa lamulo likukuchitira zabwino. Kalabu yovomerezeka ndi unduna wa Home Office imayamba yakuyesa kwa miyezi yosachepera 3, ndipo nthawi yonseyo umawombera ndi mfuti za kalabu popanda chiphaso chakochako. Igwiritse ntchito miyezi imeneyo. Gwira mfuti iliyonse imene angakubwereke. Ona ngati thako lake likukhala bwino paphewa, ngati tsaya likugona pamtengo diso n'kupeza poyang'anira popanda kupinda khosi, ngati chala chikufika pa chokhethemulira mosadzikoka. Mfuti yotchuka imene sikukukwana idzakutopetsa. Ndipo popeza apolisi amalemba pachiphaso mtundu wa mfuti imene akulola, kusintha maganizo pambuyo pake kumatanthauza mafomu ena ndi kudikira kwina.

Ndalama zotsala uziike pa zipolopolo. Gula za liwiro wamba, zosapyola liwiro la phokoso, limene ndi pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Zothamanga kwambiri zimagwedezeka pamene zikutsika kudutsa malire amenewo, ndipo mabowo papepala amamwazikana. Yesa kabokosi ka Eley, ka SK, ka RWS, chifukwa mpope uliwonse uli ndi chimene umakonda. Eley Tenex isunge ya tsiku la mpikisano. Usamakhethemule mfuti ya rimfire ilibe kanthu, pokhapokha wopanga atanena kuti zimatheka, chifukwa pini imatha kuluma chitsulo cha polowera chipolopolo, kumbuyo kwa mpope.

Chimene chikuwasowetsa tulo bambo ako si mtundu wa mfuti ayi, koma nyumba imene ukukakhala ndi anthu ena. Chiphaso chimakhala zaka 5, ndipo apolisi asanachipereke amafuna anthu awiri okuchitira umboni, lipoti la dokotala wako, ndi kabati yachitsulo yomangiriridwa kukhoma. Makiyi ake asadziwe munthu kumene ali, ngakhale bwenzi lapamtima. Ukasamuka, uwadziwitse apolisi. Ngati mwininyumba akana kuti uboole khoma, funsa ngati kalabu ingakusungire, apo ayi dikira. Kachipolopolo aka kamatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka n'kupha munthu, choncho mpope usaloze kumene sukufuna kuwombera, ngakhale utatsimikiza kuti mulibe kanthu. Teteza makutu nthawi zonse, ndipo usambe m'manja usanadye, chifukwa mtovu umatsalira pazala.

Mlembi wa kalabu yathu wavomera kukulembera kalata yokudziwitsa kwa anzake a kumeneko. Ukangopeza kalabu imene yakusangalatsa, tumiza dzina lake kuti kalatayo ipite msanga, chifukwa makalabu ena amakhala ndi mndandanda wa odikira.

Ndatha ine,
Bambo ako