Zala za Mfiti M'mbale

Azungu ali ndi dzina la chakudya chodya ndi manja, amati finger food. Dzinali limandiseketsa chifukwa kwathu kuno pafupifupi chilichonse timadya ndi manja: nsima, ndiwo, mbatata, chinangwa, mandasi. Chinthu chikakhala cha masiku onse sichilira dzina lapadera. Koma kwa anthu amene mpeni ndi foloko ndiye lamulo la patebulo, kudya ndi zala ndi khalidwe la paphwando, munthu ali chiimire, tambula ili kudzanja linalo. Choncho chakudyacho chimayenera kukhala chaching'ono, chosadontha, choti n'kutha ukaluma kawiri. Tsono ikakwana sabata yotsiriza ya Okutobala, dzina lija amalitembenuza mwadala. Chakudya chodya ndi zala chimasanduka zala zenizeni zoumba ndi ufa, zokhala ndi zikhadabo ndi magazi omwe.

Zimenezi ndidazionera ku Glasgow, m'dziko la Scotland, kumene ndidakhala miyezi inayi mu 2023 pa ndondomeko yosinthana ophunzira. M'nyumba mwathu tidalimo asanu, aliyense ndi chipinda chake koma khitchini imodzi. Chaka chimenecho tsiku la Halloween, pa 31 Okutobala, lidagwa Lachiwiri, kotero tidagwirizana zochita phwando lathu Loweruka pa 28. Kumeneko nyengoyi ndi yoti masamba akuyoyoka, mvula ikuwaza tsiku ndi tsiku, ndipo mdima ukufulumira kugwa. Usiku womwewo wa phwando adabweza mawotchi ndi ola limodzi, ndipo kuyambira pamenepo dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Munthu amene kwawo Okutobala ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo sachedwa kuona chifukwa chake anthu akumpoto adaika tsiku la mizukwa pa nyengo imeneyi.

Mwambowu ndi wakwawo ndithu, ngakhale ambiri amayesa kuti udachokera ku America. Makolo a anthu a ku Scotland ndi ku Ireland adali ndi chikondwerero cha Samhain chotsekera zokolola ndi kulandira chisanu. Mpingo udaika tsiku la Oyera Mtima Onse pa 1 Novembala, ndipo dzina loti Halloween lidafupikitsidwa kuchokera ku mawu otanthauza madzulo a tsiku limenelo. Ana a ku Scotland ankadzisintha nkhope n'kumayenda khomo ndi khomo, ndipo asanalandire kanthu ankayenera kuimba kapena kunena nthabwala. Nyali zawo ankagoba m'muzu wolimba umene iwo amautcha neep. Dzungu lidalowa m'mwambowu anthuwa atasamukira ku America, kumene adapeza kuti ndi lofewa kugoba, kenaka lidawolokanso nyanja kubwerera kwa eni mwambo.

Ntchito ya m'khitchini tidagawana Lachisanu madzulo. Mnzathu wa ku Ireland adatenga masoseji, nawakulunga ndi timizere ta ufa wokanda kuti aoneke ngati mitembo yokulungidwa ya mafumu a ku Egypt. Wina adaphika mazira, nawadula pakati, nakhazika pamwamba pake akangaude a maolivi akuda, miyendo isanu ndi itatu aliyense. Manachesi osenda adasanduka timaungu, ndipo nthochi zodula pakati zidapatsidwa maso a chokoleti kuti zikhale mizukwa. Zonsezi n'zosavuta, mwana wa Sitandade 5 akhoza kuzichita. Ine adandipatsa ntchito imene ankati ndi yofuna dzanja, chifukwa adandiona ndikukanda mandasi sabata yapitayo. Ndidayenera kuumba zimene iwo amati witch fingers.

Ufa wake ndi wa mabisiketi akwawo otchedwa shortbread, ndipo muyeso wake ndi wosavuta kukumbukira: gawo limodzi shuga, magawo awiri batala, magawo atatu ufa wa tirigu. Ine ndidayeza magalamu 100, 200 ndi 300, n'kudonthezeramo utoto wobiriwira wa chakudya. Chinsinsi chagona pa kuzizira. Ukaumba ufa uli wofunda, batala amasungunuka msanga mu uvuni ndipo chala chimafutukuka n'kukhala ngati chigumu. Choncho umayamba wauika mufiriji kwa theka la ola, kenaka umatapa pang'ono n'kupota pakati pa zikhato ngati mmene timapotera chingwe cha khonje. Chala chiyenera kukhala choonda kuposa chako chifukwa chikamapsa chimatupa. Umachitsina pawiri kuti mfundo zituluke, n'kulemba timizere titatu ndi mpeni pa mfundo iliyonse. Chikhadabo amaika mtedza wa amondi, koma mmodzi mwa alendo thupi lake limadana ndi mtedza wa mtundu uliwonse. Ine ndidatenga nthanga za dzungu limene anzanga ankagoba, n'kuzitsuka, n'kuzikazinga ndi kamchere monga amachitira agogo ku Dedza. Nthanga idakhala bwino kuposa amondi, pakuti ndi yopyapyala ndi yosongoka ngati chikhadabo chenicheni. Zitapsa ndidazula nthanga iliyonse, kupaka jamu wofiira pansi pake, n'kuibwezera kuti jamuyo asefukire m'mbali.

Ndinene pano kuti za dzunguzo zidandipweteka mtima pang'ono. Kwathu dzungu ndi limene limapulumutsa mudzi m'mwezi wa Febuluwale ndi Malichi, chimanga chisanakhwime, ndipo timadya kuyambira nkhwani mpaka nthanga. Kumeneko amalima maungu ogoba okhaokha, amadzimadzi, osakoma, ndipo pakapita masiku atatu amakaponyedwa m'bini nkhope ili chisekere.

Zala makumi atatu zitandandalikidwa m'mbale zidaoneka zonyansa, kutanthauza kuti ntchito idayenda bwino. Ndikuumba sindidaganize chilichonse. Manja ankagwira ntchito, wailesi ikuimba, anzanga akuseka. Vuto lidadza ndi kapepala. Pa maphwando otere mbale iliyonse imakhala ndi kapepala konena dzina la chakudya ndi zimene zathiridwamo, pofuna kuteteza amene matupi awo amadana ndi zakudya zina. Mnzanga wa ku Ireland uja, mwa mtima wabwino, adati aliyense alembenso dzinalo m'chiyankhulo chakwawo. Ndidagwira cholembera, ndipo mawu atatu adabwera okha m'mutu: zala za mfiti. Dzanja lidakana.

Kumasulira kwake kunalibe cholakwika. Chala ndi chala, ndipo buku lililonse lomasulira mawu lidzakuuzani kuti witch ndi mfiti. Koma witch wa m'masitolo a ku Glasgow ndi nkhalamba ya papulasitiki ya chipewa chosongoka, yokwera tsache, imene ana amaijambula kusukulu. Mfiti ya m'Chichewa ili ndi dzina, ili ndi mudzi, ndipo kawirikawiri ndi mbale wako. Amati imauluka pa lichero, imatuma fisi ndi kadzidzi, ndipo chachikulu pa zonse, imafukula manda n'kudya nyama ya munthu. Apa ndi pamene nthabwala ya azungu imagwera chagada ikalowa m'chiyankhulo chathu. Kwa iwo, wakudya bisiketiyo ndi munthu wabwinobwino amene akuseka mfiti. Kwa ife, amene waika chala cha munthu m'kamwa ndiye mfitiyo. Ndikadalemba kapepala kaja, sindikadatchula chakudya chokha ayi, ndikadatchulanso wophika ndi akudya onse.

Poyamba ndidafuna kuimba mlandu malamulo a chiyankhulo. Dzina loti mfiti limatenga agwirizanitsi a gulu la I-Zi, timati mfiti yafika monga timanenera kuti mbuzi yafika, ndipo munthu akhoza kumanga nkhani yokoma yoti Chichewa chimachotsa mfiti pakati pa anthu. Koma mfumu nayo yafika, ndipo palibe amene amaigenda. Choncho nkhani siili m'gulu la maina. Ili mu zimene J. L. Austin adaphunzitsa m'maphunziro ake amene adasindikizidwa mu 1962, zoti mawu ena sangofotokoza chinthu koma amachita chinthu. Munthu akanena pabwalo kuti mayi uje ndi mfiti, sakupereka uthenga. Wagamula kale mlandu, chatsala n'kutola miyala.

Izi si nthano zakale. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, okalamba anayi a banja limodzi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana wina ataombedwa ndi mphenzi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu adaphedwa pongowaganizira, moti bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena. Lamulo la dziko lino loletsa kunena munthu kuti ndi mfiti lidalembedwa mu 1911, koma zaka zoposa 100 sizidathe kulanda mphamvu mawuwa. Agogo anga ndi amasiye, amakhala okha, maso awo ndi ofiira ndi utsi wa m'khitchini, ndipo masiku ano amaiwalaiwala maina a adzukulu. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti zizindikiro zimenezi ndi zokwanira tsiku limene mwana wa mnansi adzadwale mwadzidzidzi.

Owerenga asafulumire kunena kuti azungu ndi otsogola ndipo ife ndife otsalira. Dziko lomwelo limene ndinkaumbiramo mabisiketi lidakhazikitsa lamulo lopha mfiti mu 1563, ndipo lidalichotsa mu 1736. M'zaka zimenezo anthu pafupifupi 4,000 adaimbidwa mlandu wa ufiti, ambiri mwa iwo amayi, ndipo akatswiri a mbiri amati ophedwa adali pafupifupi 2,500. Wotsiriza, monga imanenera mbiri, adali Janet Horne wa ku Dornoch, amene adatenthedwa mu 1727. Adali mayi wokalamba amene mutu udayamba kusokonekera, ndipo mwana wake wamkazi adabadwa ndi manja ndi mapazi opunduka. Anansi adati mayiyo ankasandutsa mwanayo kavalo n'kumamukwera usiku. Umboni wake udali zala za mwanayo. Nkhaniyi mutaichotsa maina n'kuiika ku Neno, palibe angazindikire kuti ndi yachilendo. Ndipo bala lake silidapole msanga: ndi pa 8 Malichi 2022 pamene Nicola Sturgeon, amene adali nduna yaikulu ya Scotland pa nthawiyo, adapepesa m'malo mwa boma kwa onse amene adaweruzidwa pansi pa lamulo lija.

Pakati pa moto wa ku Dornoch ndi mbale yanga padali zaka pafupifupi 300. Ndikuganiza kuti zaka zimenezi ndizo zimakometsa bisiketi ija, kuposa shuga ndi batala. Anzanga sankanyoza aliyense. Mawu aja m'kamwa mwawo adali ngati mfuti ya m'nyumba yosungiramo zakale, imene mwana akhoza kuigwira chifukwa mulibe onga. Ndipo sikuti Achewa sitidziwa kuseka imfa. Amene adafikako kumanda m'mamawa akudziwa mmene adzukulu amanyogodolerana uku akukumba, ndipo pa siwa, usiku ukakula, nthabwala zimayenda pamodzi ndi nyimbo. Imfa timaiseka chifukwa ndi ya tonse. Ufiti sitiuseka chifukwa nthawi zonse umaloza munthu mmodzi.

Sindidafune kusandutsa phwando la anzanga kukhala kalasi, komanso sindidaone chifukwa chotayira mabisiketi abwinobwino. Pa kapepala ndidalemba dzina la Chingerezi pamwamba monga adafunira, ndipo pansi pake ndidalemba kuti mabisiketi a nthanga. Mnzanga adayesa kuwerenga, lilime lidakodwa pa nth, ndipo adafunsa kuti mwa mawu atatuwo lotanthauza witch ndi liti. Ndidamuuza kuti palibe, ndipo ndidamufotokozera mwachidule za ku Neno. Adakhala chete kanthawi, kenaka adati nawonso ali ndi wawo, Bridget Cleary wa ku Tipperary, amene mwamuna wake adamutentha mu 1895 poganiza kuti si mkazi wake weniweni koma cholengedwa chimene mizimu idasiya m'malo mwake. Tidanyamula mbale n'kupita nazo pabalaza.

Alendo adafika atavala zosiyanasiyana, ena mafupa ojambula, ena mano a anamapopa akwawo, ndipo atsikana atatu adabwera ndi zipewa zosongoka. Ine ndidavala zakuda n'kudzilemba ndevu za mphaka. Akangaude a pamazira ndi amene adayamba kutha. Zala zidayamba zaopedwa, aliyense akuzijambula pafoni, mpaka mnyamata wina adaluma chimodzi nafuula kuti n'zokoma. Nanenso ndidadya ziwiri. Zidali zofumbutuka bwino, ndipo kamchere ka nthanga kankamveka pamwamba pa jamu.

Lamulungu masana ndidaimba foni kumudzi monga mwa chizolowezi. Amayi adafunsa za kuzizira, za kutchalitchi, kenaka adati, "Nanga dzulo udatani, mwanawe?"

"Tinali ndi kaphwando, amayi. Ine ndinaphika mabisiketi a nthanga."

"Kodi kumenekonso kuli maungu? Taimani ndiwauze agogo ako." Ndidamva akuitana kuseri, ndipo patapita kanthawi agogo adabwera pafoni akupuma mwabefu. Adafuna kudziwa ngati nthangazo ndidayamba ndaziyanika padzuwa ndisanakazinge. Ndidawauza kuti kumeneko dzuwa kulibe, ndidaziumitsa mu uvuni. Adati zotero sizikoma, ndipo adzandisungira zawo za chaka chino m'chitini.